Kalata yochokera ku Phalombe

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Johannesburg pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo mwa chisomo chake.

Munafunsa za mpingo. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mabanja ambiri sanadzukebe. Akuluakulu amene anaona napolo wa 1991 akutsika ku Michesi ankati zoterezi sadzazionanso, koma anazionanso. Minda ina inakwiririka ndi mchenga ndi miyala, khasu sililowa. Tisanapume n'komwe, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, feteleza n'kukwera osagulika. Mu 2024 kunabwera ng'amba, boma mpaka kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi mmene njala imapasulira banja. Bambo amawolokera ku Mozambique kukasaka ganyu, ati abwera ndi chimanga. Ena amabweradi, ena zii. Mayi amatsala akupalira munda wa eni kuti apeze kambale ka ufa, kwake udzu ukukula, ndiye kuti njala ya chaka chamawa yayamba kale. Posakhalitsa mumve kuti mtsikana wa Sitandade 7 wapeza banja. Lamulo limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo ine sindidalitsa zimenezo. Komabe ndikapita kukadzudzula n'kupeza agogo ake akuphika madeya, mawu amandithera, ndimayamba ndafunsa kaye kuti adya liti.

Amene akutigwira mtima ndi amayi a Mvano. Amalawirira kusukulu ya mkombaphala atasenza nkhuni za kunyumba kwawo. Likuni phala akatha, aliyense amabweretsa kapu ya mgaiwa, pomwe kwawoko madzulo ana agona ndi mango owiritsa. Ndimaona ana ali pamzere ndi timakapu tapulasitiki, wina n'kumwa theka, lotsalalo n'kuvindikira ndi tsamba kuti akapatse mng'ono wake. Mlangizi wa zaumoyo akabwera kudzayeza mikono, mwana amene lamba wasonyeza pofiira amayi omwewa ndiwo amamubereka ulendo wa kuchipatala kukalandira chiponde, wapansi. Palibe amawalipira. Achinyamata nawonso aumba njerwa za nyumba ya mayi wina wamasiye, abambo abweretsa udzu ndi nsungwi.

Munati anzanu a kutchalitchi kwanuko akufuna kuthandiza. Zovala n'zabwino, koma chimene tikusowa kwambiri ndi mbewu: nandolo, chinangwa ndi mbatata ya kholowa, zifike mvula isanagwe. Ndikufuna amayi ophika phalawa akhale oyamba kulandira, chifukwa minda yawo ndiyo imatsalira akamasamala ana a anzawo.

Muziwakumbukira m'mapemphero. Mayi akunyumba akupereka moni kwa nonse, akuti mutumize zithunzi za ana pa WhatsApp.

Ine mbale wanu mwa Khristu,
Mbusa wa kumudzi kwanu