Mabiriketi akhale ndi muyezo umodzi

Akonzi,

Bungwe la Malawi Bureau of Standards liziyeza mabiriketi onse (timibulu tophikira topangidwa pofinya zinthu monga utuchi ndi mankhusu) asanafike pamsika, chifukwa panopa wogula akungodalira mwayi.

Vuto lalikulu ndi dongo. Opanga ena, pothawa mtengo wa ufa wa chinangwa womatira, amathira dongo lambiri, thumba n'kulemera bwino pasikelo. Biriketi lotere limayaka mwaulesi, phulusa n'kutseka timabowo ta mbaula nyemba zisanapse. Mankhusu a mpunga nawonso amasiya phulusa lokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, n'chifukwa chake ayenera kusakanizidwa ndi utuchi kapena makoko a mtedza. Ena amalongedza mabiriketi asanaume. Chinyezi chikachuluka amafuka utsi ndi kufumbutuka m'thumba.

Choopsa kwambiri ndi mabiriketi opangidwa kuchokera ku zinyalala zapamtaya. Pulasitiki ya PVC, yomwe amapangira mapaipi a madzi, ikapsa imatulutsa mpweya wa asidi, umene umadya zitsulo za maboila (matanki owiritsira madzi m'mafakitale) ndi kupweteka m'chifuwa mwa wophika.

Pathumba lililonse palembedwe zopangira, chinyezi chosapitirira 10 peresenti, kuchuluka kwa phulusa ndi mphamvu ya moto pa kilogalamu. PVC ichotsedwe posankha zinyalala. Mapulasitiki enawo apite ku ng'anjo za simenti, kumene kutentha kumapitirira madigiri 1,400, osati kukhitchini.

Wowerenga,
Zomba