Kwa kampani imene inatigulitsa sisitimu ya ngongole: ngongole zopanda eni zachokera kuti?

Ndalemba poyera chifukwa maimelo anga atatu simunayankhe, ndipo pa WhatsApp uthenga umangoonetsa kuti wawerengedwa basi. Dzina la kampani yanu sinditchula. Mukudzidziwa nokha, ndipo ma SACCO ena amene munawagulitsa sisitimu yomweyi akuzindikirani akangowerenga. Ine ndimasunga mabuku ku SACCO ya aphunzitsi kuno kwathu. Za makompyuta ndinaphunzirapo, moti zimene ndikunenazi ndinaziona ndekha mu database yathu, momwe sisitimu imasungamo zolembedwa zonse, sindinachite kumva m'maluwa.

Nkhaniyi inaululika mwezi watha pamene tinkakonzekera kubwera kwa owerengera mabuku. Ngongole zonse pamodzi, malinga ndi lipoti la sisitimu yanu, zinkaposa zimene ndinapeza nditaphatikiza za membala mmodzimmodzi. Ndinabwereza kawiri. Amayi athu osunga chuma anakhala nawo mapepalawo madzulo onse, kakyuleta ili m'manja, koma kusiyanako sikunachoke. Nditatsegula kope la database limene timasunga sabata iliyonse, ndinapeza ngongole 7 zimene nambala ya mwini wake ikuloza kwa munthu amene mu tebulo la mamembala mulibe. Ndalamazo zinatuluka ndithu, chiwongoladzanja chikuwerengedwa mwezi ndi mwezi, koma wokongola sakudziwika. Kuno tayamba kuzitcha ngongole zamasiye.

Ndifotokoze pang'ono kuti a komiti yathu, amene akuwerenganso pano, amve. Sisitimuyi imasunga mamembala mu tebulo lina, ngongole mu tebulo lina, zobweza mu tebulo linanso. Mzere uliwonse wa ngongole uli ndi nambala ya membala amene anakongola. Database yokonzedwa bwino imakhala ndi lamulo lotchedwa foreign key, limene limakana kulandira ngongole ya membala kulibe, komanso limakana kuti membala afufutidwe ngongole yake ikadali m'buku. Si nzeru yachilendo ayi, aliyense wophunzira za database amakumana nayo chaka choyamba.

Mnyamata wanu amene anabwera kudzaika sisitimuyi anatiuza monyadira kuti munaipanga ndi Django, chida cholembera mapulogalamu, ndi MySQL, pulogalamu yoyendetsa database, ndipo anati ORM ya Django imayang'anira zonse zokhudza ubale wa matebulo. ORM ndi chida chimene chimalola wolemba pulogalamu kunena kuti ngongole ndi ya membala wakutiwakuti popanda kulemba pamanja SQL, chilankhulo cholamulira database. N'chida chabwino, ine sindikulimbana nacho. Koma chimaona zokhazo zimene zadutsa mwa icho. Wina akalowa mu database kudzera njira ina, ORM sidziwa n'komwe kuti kunabwera munthu. Amene amakhalapo usana ndi usiku ndi database yokha, ndiye lamulolo liyenera kukhala mmenemo.

Ndinalemba SHOW CREATE TABLE pa tebulo la ngongole kuti ndione mmene linapangidwira. Mzere wa foreign key mulibe, ndipo kumapeto kwalembedwa ENGINE=MyISAM. Abwana, MyISAM, injini imene MySQL ikusungira tebuloli, simatsata foreign key. Mukailembera lamulolo imavomera mwaulemu kenako n'kulitaya, osanena kanthu. Simadziwanso transaction, njira yoti ntchito ilembedwe yonse kapena isalembedwe konse, kutanthauza kuti magetsi akathima pakati pa ntchito, theka limalembedwa theka lina n'kutsala. MySQL inasiya kugwiritsa ntchito MyISAM ngati injini yoyambira pa version 5.5, m'chaka cha 2010, n'kuika InnoDB m'malo mwake, ndipo malangizo a Django enieniwo amachenjeza za zofooka ziwiri zomwezi. Kaya munakopera makonzedwe a seva yakalekale, kaya wina anasankha dala, zotsatira zake n'zoti mabuku a ndalama za aphunzitsi akhala zaka zonsezi opanda chotchinga.

Mmene ngongolezo zinasandukira zamasiye ndikukumbuka bwino, chifukwa tinapempha ndife. Chaka chatha tinakuuzani kuti mamembala ena analembedwa kawiri. Ambiri anali amayi amene anasintha dzina atakwatiwa, ena aphunzitsi amene anasamutsidwa sukulu n'kulembetsanso ngati atsopano. Tinapempha kuti muwaphatikize. Munthu wanu analowa pa phpMyAdmin, chida cholowera mu database mwachindunji osadzera mu sisitimu, anafufuta mizere imene anaiona ngati yobwereza, anatiuza kuti zatheka, ife n'kuthokoza. Ngongole zimene zinali pa manambala ofufutidwawo sanazisamutsire ku manambala otsala. Pakanakhala foreign key, database ikanamukaniza pomwepo ndipo akanadziwa kuti pali china choyamba kuchita. Sindikumuda mnyamatayo. Analakwitsa mmene wina aliyense akanalakwitsira, koma panalibe chomuletsa.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi china. Mphunzitsi wina atapuma pantchito anatenga masheya ake n'kutsanzika. Mtsikana wathu wa pa kauntala anadina batani lofufuta membala, limene inu munaliika pamenepo, ndipo sisitimu inangofunsa ngati akutsimikiza. Mbiri yonse ya mayiwo inapita: ngongole zakale, zobweza za zaka zitatu, malisiti onse. Ndalama zimene anabweza zinasowa mu lipoti la chaka pamene ku banki zikuoneka kuti zinalowa. Komiti itaona kusiyanako, maso onse anapita kwa mtsikanayo. Anakhala sabata ziwiri akuyenda chozyolika mu ofesi, anthu akunong'onezana kuti wadya ndalama, chikhalirecho mwana wa eni anangodina batani limene anaphunzitsidwa kudina.

Pamenepa simunganene kuti zinangochitika zokha. Kuyambira Django 2.0, imene inatuluka mu Disembala 2017, wolemba pulogalamu sangapange ForeignKey osanena chimene chichitike mzere umene ikulozako, monga wa membala, ukafufutidwa. Ayenera kulemba on_delete ndi dzanja lake. Wina wa inu analemba CASCADE, kutanthauza kuti membala akapita, zake zonse zimutsatire. Pa ndemanga za pa blog zimenezo n'zomveka. Pa mabuku a ngongole? PROTECT inalipo kale, imene imakana kufufuta ngati pali china chodalira mzerewo, ndipo mu 2020 Django 3.1 inawonjezera RESTRICT. Kusiyana kwake ndi liwu limodzi mu fayilo imodzi. Ndipo kunena zoona, m'bungwe losunga ndalama za anthu membala sayenera kufufutidwa n'komwe. Amangolembedwa kuti anachoka tsiku lakuti, mbiri yake n'kukhala.

Taonani tsono mmene zilili. Munthu akafufuta membala kudzera pa sisitimu, zonse zimapita naye. Akafufuta kudzera pa phpMyAdmin, zonse zimatsala zopanda mwini. Database imodzi, ntchito imodzi, zotsatira ziwiri zosiyana, ndipo zonse ziwiri n'zolakwika.

Pali lamulo lathu lina limene tinakuuzani tsiku loyamba, loti membala asakongole kuposa katatu masheya ake. Pa fomu yolowetsera ngongole lamuloli limagwira, ndinayesa ndekha. Koma anzathu a ku nthambi amatumiza ngongole zawo pa Excel, ife n'kuzilowetsa zonse nthawi imodzi, ndipo kumeneko lamuloli kulibe. Ndapeza ngongole 2 zimene zinadutsa malire popanda wina kuchenjezedwa. Munthu wanu anavomera pa foni kuti mbali imeneyo imagwiritsa ntchito bulk_create, njira ya Django yolowetsera mizere yambiri nthawi imodzi. Malangizo a Django amanena mosabisa kuti bulk_create siitana save() ya model (model ndi mmene tebulo limafotokozedwera mu Django), ndiponso kuti save() payokha siitana full_clean(), kumene macheke otere amakhala. Ndiye kuti mlonda munamuika pa khomo la kutsogolo lokha, la kuseri lili pululu, ndipo katundu wambiri amalowera kuseriko.

Apa ndikhale wachilungamo, chifukwa lamulo ili ndi lovutirapo kusiyana ndi foreign key. Limafuna kuyerekeza tebulo la ngongole ndi la masheya, ndipo CHECK wamba, lamulo loyesa zolembedwa mu mzere umodzi, sangayang'ane tebulo lina. Njira zake zilipo komabe. Mungalembe trigger mu database, kapulogalamu kamene kamadzuka kokha mzere ukamalembedwa. Mungachititsenso kuti ngongole iliyonse, kaya yachokera pa fomu kaya pa Excel, idutse pa function imodzi imene imatsegula transaction, kutseka mzere wa membalayo ndi select_for_update, kuwerenga masheya, kenako n'kulemba. Kutseka mzereko n'kofunika chifukwa alembi awiri akhoza kuvomereza ngongole za munthu mmodzi pa mphindi yomweyo, aliyense n'kuona ngati malo alipo. Koma zimenezi zimafunanso InnoDB, ndiye tabwerera pomwe paja.

Zina n'zosavuta moti zimachititsa manyazi kuzitchula. Netiweki ikachedwa, mlembi amadina kawiri ndipo lisiti imodzi imalembedwa kawiri. Unique index pa nambala ya lisiti, imene imakana nambala imodzi kulembedwa kawiri, imagwira ntchito ngakhale mu MyISAM momwemo, ndiye apa palibe pothawira. Ndapezanso chobweza chimodzi chimene ndalama yake ili ndi minus kutsogolo. Django inabweretsa CheckConstraint ndi UniqueConstraint pa version 2.2 mu Epulo 2019. Kungoti nditalemba SELECT VERSION() seva yathu inayankha 5.7, ndipo MySQL inayamba kutsatadi CHECK pa 8.0.16, mu 2019 momwemo. M'mbuyo monsemo inkangowerenga lamulolo n'kulinyalanyaza. MySQL 5.7 inasiya kulandira zokonza mu Okutobala 2023. Chaka chilichonse timakulipirani ndalama ya chisamaliro cha sisitimu, ndiye ndifunse, imasamalira chiyani?

Yankho lokhalo limene tinalandira, pa foni, linali lakuti antchito athu akufunika maphunziro ena, ndipo tsiku lotsatira munatumiza mtengo wa maphunzirowo. Amayi osunga chuma anaseka mpaka kugwira m'mimba. Amene anafufuta mamembala pa phpMyAdmin ndi wanu. Amene analemba CASCADE ndi wanu. Mungaphunzitse mlembi chaka chathunthu, koma tsiku lina adzatopa, netiweki idzachedwa, adzadinabe kawiri. Tinagula sisitimu kuti izikana zinthu zimene munthu wotopa angalole. Zikanakhala zodalira kusamala kwa mlembi, tikanangokhala ndi mabuku athu akale a chikuto cholimba aja, amene tsamba likang'ambidwa zimaoneka.

Chimene tikufuna si chambiri. Yambani ndi kutenga kope lathunthu la database, lina mutisiyire ife. Kenako mubwezeretse mamembala ofufutidwa aja kuchokera mu makope akale, amene mwamwayi tinasunga, n'kulumikiza ngongole iliyonse kwa mwini wake, ife tili pomwepo ndi mafayilo a mapepala. Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi, chifukwa ndikudziwa chidule chimene chimakopa pa ntchito ngati iyi. Mukasintha matebulo kupita ku InnoDB n'kuyesa kuika foreign key, MySQL idzakana chifukwa cha ngongole zamasiyezo. Musazifufute kuti lamulo lilowe, ndi ndalama za anthu zimenezo. Musazembenso polemba SET FOREIGN_KEY_CHECKS=0, chifukwa mukaibwezera pa 1 MySQL sibwerera kukafufuza mizere yakale, ndipo zinyalalazo zidzakhala momwemo pansi pa lamulo looneka bwino. Ndidzayang'ana ndekha mukamaliza.

Zikatha zimenezo, CASCADE ichoke pa chilichonse chokhudza ndalama, batani lofufuta membala lichoke pa kauntala, Excel idutse njira imodzi ndi fomu, ndipo mutionetse ma migration, mafayilo osinthira matebulo, amene mwalemba tisanawalole pa seva yeniyeni. Tikufunanso kalata yosainidwa yopita ku komiti, yofotokoza kuti zobweza za mayi opuma aja zinafufutidwa ndi mmene sisitimu inapangidwira. Mtsikana uja ndinamuyeretsa ndi pakamwa pa msonkhano, koma ena amakhulupirira pepala lokhala ndi chidindo, ndipo iye akuyenera kulandira pepalalo.

Anzanga a ma SACCO ena amene muli ndi sisitimu yofanana ndi yathu, chaona mnzako chapita. Pemphani amene amakusungirani seva alembe SHOW TABLE STATUS, muyang'ane pamene palembedwa Engine. Mukaona MyISAM, apempheni achite LEFT JOIN ya ngongole ndi mamembala, muone ngati pali mizere imene mbali ya membala ili NULL. Sizitenga mphindi zisanu.

Inu a kampani, komiti yathu ikumana Loweruka likudzali 9 koloko m'mawa, ndipo nkhani yoyamba ndi iyi. Mpando wanu tausunga. Mubwere ndi munthu amene analemba ma model, osati wa zamalonda. Invoice yanu ya chaka chino ili mu kabati ya amayi osunga chuma, ndipo anena kuti saisaina mpaka ngongole 7 zija zitapeza eni ake.