Chikwama chosunga kuzizira si filiji

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi anzanga amene amanyamula nsomba zaziwisi, nyama ndi mkaka paulendo, makamaka tsopano pomwe kutentha kwa Okutobala kwafika. Ine ndimaphika chakudya chogulitsa ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo chambo ndi kampango ndimakazitenga ndekha ku Senga Bay. Msewu wa Salima ndimaudziwa bwino, ndipo za nsomba zoonongekera m'njira ndaziona zambiri.

Masiku ano zikwama zosunga kuzizira zija, zonyezimira mkati zokhala ndi zipi pamwamba, zafala. Zili m'mashopu, zili pa kaunjika. Ine ndimazikonda, chifukwa n'zopepuka kusiyana ndi cooler box yapulasitiki, zimakhala pamiyendo, kondakitala sangakuuzeni kuti mulipirire mpando wina. Koma momwe anthu akuzigwiritsira ntchito zimandimvetsa chisoni. Munthu wagula chambo cha ndalama zambiri pagombe, chomwe chakhala kale padzuwa kuyambira m'mawa, wachiponya m'chikwamamo popanda ayisi, watseka zipi, mtima wake uli m'malo. Minibasi yaima pa Salima kudikira kudzaza, yaimanso pa Mvera, pa Chezi, pa rodibuloko. Pofika pa Kanengo akati atsegule, fungo lokhalokha, mimba za nsomba zafewa. Kenaka mlandu ukugwera wogulitsa chikwama, ati wamugulitsa chinthu chabodza.

Chikwamacho chilibe mlandu. Mulibe china chilichonse chopanga kuzizira mmenemo. Chimagwira ntchito ngati fulasiki ya tiyi: chimangosunga zomwe mwaikamo momwe zinalili. Mukaikamo zozizira, chimachedwetsa kutentha kwa panja kuti kusalowe msanga. Mukaikamo nsomba yofunda, chimaisungira kufunda kwakeko, ndipo imaola msanga kuposa ikanakhala mudengu pamphepo.

Ine ndimachita chonchi. Usiku woti mawa ndinyamuka, ndimadzaza madzi akumwa m'mabotolo apulasitiki, osafika pakamwa penipeni chifukwa madzi akamaundana amafufuma, n'kuwaika mufiriza. Magetsi akazima ndimakagula ayisi wamabuloko kwa ogulitsa zoziziritsa kukhosi. Mabotolo oundana amakhalitsa kuposa ayisi wophwanyaphwanya, ndipo akasungunuka madzi sasefukira pansomba. Chikwama chimanyamuka kunyumba chili ndi mabotolowo kale, kotero pofika kunyanja mkati mwake mumakhala mwazizira.

Pagombe ndimasankha nsomba ya maso owala, yolimba ukaidina ndi chala, yofiira bwino kunsi kwa chivindikiro cha m'mutu komwe imapumira. Ndimaitumbula pomwepo, chifukwa kuola kumayambira m'matumbo, ndipo ndimaitsuka ndi madzi omwe ndabwera nawo, osati a m'mphepete momwe anthu akuchapira ndi kusamba. Poika m'chikwama, mabotolo ena pansi, nsomba pakati zili mujumbo, mabotolo ambiri pamwamba, poti mpweya wozizira umatsikira pansi. Kulemera kwa ayisi kuzifanana ndi kulemera kwa nsomba. Apa m'pomwe ambiri amaumira: amafuna chikwama chidzaze nsomba zokhazokha, botolo limodzi lokha pakona. Mpata ukatsala ndimatsekapo ndi nyuzipepala kapena chitenje choyera. Ndikatseka zipi sinditsegulanso mpaka kunyumba, ngakhale woyandikana naye mpando apemphe motani kuti aone kukula kwa chambo.

Mu minibasi musalole chikwama chiikidwe kumbuyo kwa mpando wa dalaivala. Injini ya minibasi zambiri ili pansi pomwepo, ndipo aliyense amene anakhalapo pamalopo amadziwa momwe pamawotchera. Pawindo la kudzuwa ayinso.

Izitu si nkhani ya fungo lokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chosachedwa kuonongeka chizisungidwa pansi pa madigiri 5, chotentha chizikhala pamwamba pa madigiri 60, ndipo chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Pakati pa 5 ndi 60 m'pomwe tizilombo timaswana, tina timachulukana kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Kunyanja mwezi uno kutentha kumapitirira madigiri 30 tsiku ndi tsiku. Kuchoka ku Salima kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 okha, koma ndi kuimaima kwa minibasi maola awiriwo amatha muli m'njira. Nanga wochokera ku Mangochi kudzera ku Liwonde ndi Zomba mpaka ku Limbe? Ndipo choopsa n'choti nkhuku yootcha kapena mpunga wophika ukhoza kukhala ndi tizilombo tambiri usanayambe n'komwe kununkha. Mwana amadya bwinobwino, usiku n'kuyamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, ife n'kumati wadya zosayenera kusukulu.

Kwa abambo a magalimoto, amene mumamangirira chambo pagalasi la kumbali kapena pamawaipa: ndikudziwa kuti ndi chizolowezi chathu chakale, ndipo chimateteza galimoto ku fungo. Koma mphepo imangoumitsa khungu, m'mimba mwa nsombamo mukutentha ndithu, kuwonjezapo fumbi ndi utsi wa malole. Muli ndi galimoto, simungalephere chikwama ndi mabotolo anayi a madzi oundana.

Za ayisi ndionjezepo chimodzi. Kuundana sikupha tizilombo tonse, ndiye ayisi wopangidwa ndi madzi akuda amakhala wakuda basi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anavutika kwambiri. N'chifukwa chake ndimalimbikira mabotolo otseka. Ngati mwagula ayisi wosadziwa komwe wachokera, asakhudze chakudya chomwe simukaphikanso. Nsomba kapena nyama yaiwisi isakhale chikwama chimodzi ndi masamusa, zipatso kapena yogati wa ana. Pofika kunyumba chikwama chitsukidwe ndi sopo ndi kadontho ka jiki, makamaka m'misoko momwe mumabisala magazi, kenaka chiyanikidwe chotsegula.

Pempho langa likupita kuwiri. Ogulitsa zikwamazi, muziwauza ogula kuti popanda ayisi sichithandiza. Ndi mawu ochepa chabe, ndipo kasitomala adzabweranso. Achinyamata a ku Senga Bay, Monkey Bay, Nkhotakota ndi Nkhata Bay amene mukusaka bizinesi, pagombe pakusowa ayisi waukhondo. Alangizi a zaumoyo amayenda ndi katemera panjinga kumidzi yakutali, katemerayo ali m'kabokosi ka mapaketi oundana, ndipo amafika ali bwino. Munthu wokhala ndi firiza ya sola pafupi ndi pomwe mabwato amakocheza, wogulitsa mabotolo oundana a madzi otetezedwa, sangasowe ogula. Ine ndingakhale woyamba pamzere, chifukwa kunyamula ayisi kuchokera ku Lilongwe kupita naye kunyanja kumandidyera theka lake ndisanagule nsomba ndi imodzi yomwe.

Mayi wophika chakudya,
Area 25, Lilongwe