Tulukani mukayendeko m'zitunda za ku England

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi anzanga okhala kuno ku England, amene Loweruka lililonse amangobindikira m'nyumba ati kunja kukuzizira.

Mwezi watha ndinayenda gawo lina la South Downs Way, njira ya apansi ya makilomita 160 yochokera ku Winchester kukafika ku Eastbourne. Zitunda zake si za thukuta ngati Mulanje ayi, ungokwera pang'ono kenako watsetsereka, nkhosa zili mbuu uku ndi uku. Chinandidabwitsa n'chakuti njirayi imadutsa m'minda mwa eni, koma lamulo silimulola mlimi kuitseka. Umatsegula kageti, n'kudutsa, n'kutsekanso kuti ziweto zisatuluke, basi. Kulipira kulibe.

Paja ufulu woyenda m'mapiri kuno sunabwere wokha. Mu 1932 gulu la anthu linakwera dala phiri la Kinder Scout popanda chilolezo, ena mpaka anakalowa kundende.

Chenjezo langa n'la nsapato. Dothi la ku South Downs Way n'lachoko, ikangowaza mvula kumaterera ngati therere. Ine ndinapita ndi nsapato zakutchalitchi, ndipo ndinagwa chagada pamaso pa agogo awiri amene ankangoyenda bwinobwino ndi ndodo zawo.

Wowerenga wanu,
Brighton