Selotepi yakuda siichiritsa galimoto

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndiyamikire amakaniko ena a mumzinda wa Lilongwe muno amene atulukira luso latsopano lokonzera magalimoto a dizilo, luso lomata selotepi yakuda pa nyali yochenjeza. Ndikuti atulukira okha chifukwa sindikhulupirira kuti pali sukulu ya zaumisiri m'dziko muno imene imaphunzitsa zimenezi, ndipo ngati ilipo, a TEVETA atiuze kuti ili kuti tikaione.

Galimoto yanga ndi Peugeot 407 ya dizilo, yakale ndithu, yochokera ku UK kudzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe monga zimabwerera zinzake. Mwezi wathawu inayamba kulemba pa kagalasi kapakati kuti mankhwala othira mu dizilo atsala pang'ono kutha, kenako nyali yachikasu ya injini inayaka. Ndinapita nayo pa galaja ina imene sinditchula, ngakhale pakamwa pakundiyabwa. Bwana wa pamenepo anaizungulira, anamenya tayala ndi phazi, n'kunena kuti: "Madala, musataye nazo tulo, ndi timagetsi ta azungu timeneti. Isiyeni, mudzaitenge madzulo." Madzulo ake nyali inali itazimadi. Kagalasi kapakati nakonso kanali bii, ati waya wake amadya batire ndiye angouchotsa. Ndinalipira ndalama yoti n'kugula thumba la feteleza, chenji osabwerako.

Loweruka lotsatira, pochokera ku maliro ku Mangochi, tinadzera njira ya Golomoti. Pakati pa chitunda cha Khwekhwerere galimoto inangofooka. Kuponda moto mpaka pansi, iyo n'kumangokwawa. Anyamata a kabaza atakweza anthu awiriawiri ankatipitirira akutiimbira hutala. Apongozi anga, munthu wamkulu wodwala mawondo, anatsika n'kumayenda pansi kuti galimoto ipepukidwe. Mmisiri wina wachinyamata amene anadzailumikiza ku kompyuta yoyezera ndiye anamasula dashibodi n'kundiitana kuti ndidzaone ndekha. Kaselotepi kakuda, kodulidwa bwinobwino ndi lezala, komatidwa mkati pamwamba penipeni pa nyali. Atakamatula, nyali ija inali ikuyakabe chiyakire tsiku lija.

Selotepi, a Mkonzi! Munthu wamkulu, wa ovolosi yolembedwa dzina pamsana, anakhala pansi, anamasula masikuluwu, anachotsa galasi, anayeza kukula kwa nyali, anadula, anamata, n'kubwezeretsa zonse osasiya ndi chidindo cha chala chomwe. Nthawi imene anataya pobisa vutolo ikanamukwanira kujambula uthengawo n'kufunsa anzake pa WhatsApp. Paja safunsa anadya phula, koma apa phulalo anadyetsa ine ndi apongozi anga. Uku n'chimodzimodzi mwana akulira ndi malungo, iwe n'kumumanga nsalu pakamwa, kenako n'kuuza mayi ake kuti wachira. Ndipo selotepi yakeyo ndi ija ya magetsi yogulitsa pa mpanda wa msika. Ndikawerengetsa zimene ndinalipira, kachidutswa kameneko ndiko kokwera mtengo kuposa selotepi ina iliyonse imene inagulitsidwapo chilandirireni ufulu mu 1964.

Popeza bwana uja amawerenga nyuzipepala ino, poti ndinaiona atayalira masipanala, ndimuphunzitse ulere zimene anayenera kudziwa asanandilipiritse. Mu paipi ya ekizozi ya magalimoto amenewa muli fyuluta imene amaitcha DPF, ena amati FAP. Ntchito yake ndi kugwira mwaye kuti usatuluke ndi utsi. Mwayewo ukachuluka, kompyuta ya galimoto imatenthetsa ekizozi kuti uwotchedwe. Peugeot ndi imene inayamba kuika fyuluta yotereyi pa galimoto zazing'ono, pa Peugeot 607 mu 2000, ndipo malamulo a utsi a Euro 5 atayamba mu 2009 pafupifupi galimoto iliyonse ya dizilo yogulitsidwa ku Ulaya inayamba kukhala nayo. Ndiye izi si zachilendo ayi. Zakhalapo zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndi magalimoto omwewo amene akutsika pa Songwe lero atatopa kale.

Vuto ndi lakuti mwaye pawokha umafuna kutentha koposa madigiri 550 kuti upse. N'chifukwa chake Peugeot ndi Citroën, komanso Ford Focus, Volvo ndi Mazda zina zokhala ndi injini ya dizilo ya 1.6 ya banja lomwelo, zili ndi kathanki kena kakang'ono kunsi, pafupi ndi thanki ya mafuta. M'menemo mumakhala mankhwala otchedwa Eolys. Mukathira dizilo n'kutseka chitsekerero, kapampu kamadonthezera mankhwalawo m'thanki molingana ndi mafuta amene mwathira, ndipo mwaye umayamba kupsa pa madigiri pafupifupi 450. Mankhwalawo akatha, fyuluta imatsekeka pang'onopang'ono, injini imabanika, ndipo kompyuta imadula mphamvu dala pofuna kuteteza injiniyo. Zimene zinatichitikira pa Khwekhwerere ndi zimenezo. Galimoto inali itandichenjeza nthawi ilipo, mwaulemu wake, m'Chingerezi chomveka, koma katswiri wathu anaitseka pakamwa.

Mavuto sanathere pomwepo. Nditayamba kufunafuna mankhwalawo m'mashopu a masipeya, wina ananditulutsira chigubu cha AdBlue, akulumbira pali mayi ake kuti ndi zomwezo. Si zomwezo. AdBlue ndi yureya wosungunula m'madzi, amapopera mu ekizozi ya magalimoto atsopano, ndipo salowa mu dizilo. Mukathira zimenezo mu kathanki kaja ndiye kuti mwathira madzi mu mafuta, mwaitana maliro a pampu ndi mainjekitala. Eolys yemweyo ali ndi mitundu yake malinga ndi chaka cha galimoto, ndipo sasakaniza mwachisawawa. Ukathiranso sikuti watha. Kompyuta imachita kuwerengetsa mankhwala amene yagwiritsa ntchito, choncho iyenera kuuzidwa ndi makina oyezera kuti kathanki kadzadza, apo ayi nyali imayakabe. Apa ndi pamene ena amathamangiranso ku selotepi.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti walira mvula walira matope, unaiguliranji galimoto ya ku Ulaya m'malo mwa Toyota ngati anzako. Chabwino. N'zoonadi kuti magalimoto amenewa sanapangidwire moyo wathu uno. Fyuluta imafuna ulendo wautaliko pa msewu wotakasuka, injini itatentha, mphindi makumi awiri kapena kuposerapo. Ife timachoka ku Area 25 kupita m'tauni pa giya yoyamba ndi yachiwiri, n'kukathera pa mzere wa mafuta injini ikungolira pamalo amodzi. Magalimoto ambiri otere sawotcha mwaye nyali ya mafuta ikayaka, ndipo ndani mwa ife amene thanki yake imadziwa kukhuta masiku ano? Fyulutayi siigwirizananso ndi salufa wochuluka mu dizilo. Dizilo wa ku Ulaya ali ndi salufa wosapitirira magawo 10 pa miliyoni, pamene wathu anatsitsidwa kufika pa 50 mu 2017. Ameneyo ndi wa pa pampu. Wa m'zigubu uja timagula kuseri kwa magolosale mafuta akasowa, a MERA okha ndi amene angatiuze zimene zimakhalamo. Oyilo nayenso amafunika wake, wosasiya phulusa lambiri, osati wa m'dilamu wopungulira mu botolo la madzi akumwa. Zonsezi ndikuvomera. Koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene chimapatsa munthu chilolezo chomata nyali.

Ndiye pali gulu lina la akatswiri, abale ake a bwana uja, limene yankho lawo ndi limodzi: "Tingoboola, bigi." Amamasula fyuluta, amaigogoda ndi chitsulo mpaka zamkati zonse zitayoyoka, n'kuwotcherera chigobacho. Galimoto imathamangadi masiku oyamba, kumbuyo kuli chiutsi chakuda tolotolo. Ku UK kumene magalimotowa amachokera, kuyambira mu 2014 galimoto yochotsedwa fyuluta imalephera mayeso a MOT, amene ali ngati COF yathu kuno. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, kudzera ku nthambi yake yofufuza za khansa, linalengeza mu 2012 kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Utsi umenewo sapuma woboolayo yekha. Amapuma mayi wogulitsa nthochi m'mphepete mwa msewu mwana ali kumbuyo, apolisi apamsewu amene amaima pa mphambano tsiku lonse, ndi ana asukulu oyembekeza kuwoloka. Kenako tizidabwa kuti zifuwa zachuluka.

Ogulitsa magalimoto nawonso ndisawasiye. Amakuonetsa mipando yachikopa, wailesi, matayala onyezimira, koma za kathanki kaja kukamwa kuli gwa. Pa Ford Focus zakale zija, opanga ananena okha kuti mankhwala azithiridwa pa makilomita 60,000 ndipo fyuluta isinthidwe pa 120,000. Ndi zingati mwa zimene zikugulitsidwa m'mipanda ya m'tauni muno zimene sizinadutse pamenepo? Wogula amalipira mtengo wa galimoto, wa sitima, msonkho wa MRA, inshuwalansi, n'kumati wapuma, osadziwa kuti wagulanso ngongole imene mwini wake woyamba anaithawa. Masiku ano aliyense wokhala ndi foni ndi mpanda wa malata ndi wogulitsa magalimoto, monganso aliyense wokhala ndi jeke ndi mthunzi wa mtengo ali makaniko. Amisiri enieni alipo, mnyamata uja ndi umboni, koma tingawadziwe bwanji poti ovolosi ndi imodzimodzi?

Pempho langa ndi lachidule. A Road Traffic, poyeza galimoto kuti ipatsidwe COF, muzitembenuza kiyi injini isanalire n'kuona ngati nyali ya injini ikuyaka kaye n'kuzima. Ikapanda kuyaka ndiye kuti yamatidwa kapena yazulidwa, ndipo kuona zimenezi sikufuna makina kapena ndalama za ku Capital Hill. A CFTC, amene mumati mumateteza ogula, kakamizani ogulitsa kuti azilemba pa pepala ngati galimoto ili ndi DPF komanso ngati imafuna mankhwala. A TEVETA, itanani amisiri a m'magalaja ang'onoang'ono ku maphunziro a sabata imodzi a kagwiritsidwe ntchito ka kompyuta yoyezera. Ndipo bwana wa selotepi, ndalama yanga ndikuifunabe, pamodzi ndi waya wa kagalasi uja.

Wokhumudwa,
Area 25, Lilongwe