Oonerera pa ngozi aunikiridwe m'malamulo athu

Akulu a Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za khalidwe lomwe lakula m'misewu yathu, makamaka pa M1. Minibasi ikagubuduzika, anthu amathamangirako ndithu, koma ambiri amayamba ndi kutulutsa mafoni kuti ajambule, ovulala ali chigonere m'magazi.

Malamulo athu a milandu tinatengera kwa Angerezi, ndipo salanga munthu wongodutsa amene sanathandize. Kwina zinthu sizili choncho. Ku France, wokana dala kuthandiza munthu amene ali pa ngozi, pomwe akanatha kutero osadziika pachiswe, atha kukhala kundende zaka 5 ndi kulipira chindapusa cha mayuro 75,000. Ku Germany chilango chimafika chaka chimodzi. Mu 2017, khothi la mumzinda wa Essen linalipiritsa anthu atatu omwe anadumpha gogo wina atakomoka pakhomo la banki, iwo n'kupitiriza kukatapa ndalama.

Sikuti aliyense asanduke dotolo ayi. Kuimbira apolisi kapena kuimitsa galimoto n'kokwanira.

Komabe aphungu athu akamaunika nkhaniyi ayambe ndi mantha a anthu. Ambiri amaopa kuti akanyamula wovulala, azikokedwakokedwa ngati mboni mwinanso kuganiziridwa kuti ndiwo amugunda. Lamulo liyambe lateteza wothandizayo, kenako lilange woonerera.

Wowerenga wanu,
Ku Ntcheu