Za Mfuti Yobisala Kuseri kwa Khoma

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chakusiya. Koma iwe, masamba awiri onse osafunsako za tebulo lathu la masewero a nkhondo ya tizidole? Ndipo madayisi anga ofiira unapita nawo, usayese ndaiwala.

Kuno ine ndi alamu ako sitikumwerana madzi, chifukwa cha lamulo la magulu obisala lija. Paja limati gulu lobisala likhale kakhadi kovundikira patebulo, tizidole take tili m'bokosi, ndipo liululike mdani akafika pa mtunda wa mainchi 12. Buku la malamulo lathera pomwepo. Loweruka ndinabisa mfuti yophulitsa akasinja m'mphepete mwa nkhalango, kuseri kwa kakhoma unapenta iwe kaja. Alamu ako anayendetsa kasinja wawo mumsewu, n'kudutsa mainchi 10 kuchokera pa kakhadi kanga, n'kukaima patali, mainchi 15. Kenako akuti mfutiyo yaoneka, ndiitulutse, mizinga yawo iiphwanye ine ndisanawombe n'kamodzi komwe.

Ndinakana. Choyamba, kodi kungodutsa n'kokwanira, kapena timayeza pomwe gulu laima? Apo ndikhoza kuwagonjera, munthu amaona ali paulendo. Koma khoma? Ndinawerama mpaka tsaya kukhudza tebulo, diso lili pa msinkhu wa kasinjayo, ndipo chomwe ndimaona ndi njerwa zokhazokha. Iwo akuti bukulo silikunena zoti pakhale poonekera, likungotchula mtunda. Inde silikunena. Nanga likunena kuti asilikali amaona kupyola njerwa? Tinalimbananso za poyambira tepi yoyezera mtunda, pakati pa kakhadi kapena m'mphepete mwake, pomwe gulu la asilikali khumi ukalitulutsa limatambalala kuposa kakhadiko.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi ichi. Pa makhadi anga ena anali abodza, ongosokoneza mdani. Kakhadi aka kakanakhala kabodza, kodi ndikanatutumutsa mitsempha ya m'khosi chonchija? Alamu ako anangondiyang'ana n'kumwetulira. Mlandu usanathe anali atadziwa kale kuti kuseri kwa khomalo kuli chinthu choopsa, ndipo magulu awo onse anayamba kulambalala mbali imeneyo. Kukangana kwenikweniko ndiye kunaulula mfuti yanga, osati mainchi. N'chifukwa chake ndikuti zinthu ngati izi tizigwirizana tisanaike kakhadi ngakhale kamodzi, tizilemba papepala, pepalalo lizikhala m'bukumo.

Mphwako anati tiponye dayisi monga mabuku ambiri amalangizira, 1 mpaka 3 apambane iwo, 4 mpaka 6 ndipambane ine. Zothetsera phokoso la tsiku limodzi n'zabwino. Koma ndiye kuti khoma lomwelo sabata ino likubisa, sabata yamawa silikubisa, ndipo munthu sungakonze nkhondo pa malo otero.

Ndakhala ndikuganizira za Kriegsspiel, masewero a nkhondo apatebulo omwe msilikali wina, von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu a asilikali a Prussia, dziko lakale la ku Germany, mu 1824. Kumeneko kunali woyimbira, munthu wachitatu wodziwa pomwe gulu lililonse lili, ndipo wosewera ankangouzidwa zomwe asilikali ake akanatha kuona. Vuto lathu lonse lagona apa. Tinachotsa munthu wachitatuyo n'kusiya mizere iwiri ya m'buku kuti igwire ntchito yake. Ndipo kwa ife munthu ameneyo unali iwe. Unkangotambasula tepi, n'kunena kuti waoneka kapena sanaoneke, tonse n'kukhala chete, ngakhale nthawi zina unkakondera alamu ako, usakane.

Paja ntchito yanga ikutha mwezi uno, akutseka. Za izo ndidzakuuza bwino tsiku lina. Chikundipweteka kwambiri n'choti alamu ako anatenga nkhalango yawo ndi timitengo tonse popita, chinthu chomwe sanachitepo. Mphwako akuti sabwera ngati kuli kukangana. Tebulo lili gwa pakona, lafunditsidwa nsalu, ndipo madzulo a Loweruka atalika zedi.

Ndiye ndiyankhe msanga, ndipo ulembe mooneka bwino kuti ndikawaonetse: khoma limabisa kapena ayi? Nanga gulu lobisala likawombera, limaululika nthawi yomweyo, kapena limadikira kuti mdani aponye dayisi yofufuzira? Chifukwa ngati ndi choncho, ndiye kuti akazitape aja amene unkati alibe ntchito... pepala landithera, ndipo ndikulemba m'mphepete. Madayisi anga usaiwale.

Ndine mnzako.